Si Ndulu ya Ng'ona: Mawu kwa Muphwa Wanga wa pa Chanyanya

Muphwa wanga, amayi ako andiuza kuti wagula bwato lakolako. Ndakondwa. Andiuzanso kuti Loweruka lapitali unafika pakhomo kunja kutayera, nsapato imodzi kuphazi, inzake osadziwa kumene inatsala. Pofotokoza ankaseka, koma alongo angawo ndimawadziwa, akamaseka chotero ndiye kuti mtima uli m'mwamba. Choncho khala pansi umve. Amene akuyankhulawa si abusa kapena adokotala. Ndi amalume ako, amene anamwa mowa zaka 19 padoko lomweli, mpaka anagulitsa maukonde ndi malata a nyumba.

Ndiyambe ndi chinthu chimene womwa aliyense kuno amachiopa: ndulu ya ng'ona. Wawaona anzako popita kukataya madzi atanyamula botolo lawo m'manja, kuopa kuti wina angawathirire. Mayi wofulula amayamba walawa yekha asanapatse mlendo chipanda. Mu January 2015, ku Chitima m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu 75 anamwalira atamwa mowa wamasese pamaliro. Mbiri inafika kuno tsiku lomwelo kuti ndi ndulu ya ng'ona, ndipo tonse tinavomereza. Akatswiri atayeza anapeza kuti inali poizoni yochokera ku tizilombo timene tinamera mu ufa wa chimanga woonongeka umene anafululira. Ng'ona inalibe mlandu.

Ine pa zaka zonse zimene ndinamwa sindinaike m'manda mnzanga ndi mmodzi yemwe wophedwa ndi ndulu ya ng'ona. Koma ndinanyamula maliro a anzanga ambiri amene anaphedwa ndi mowa wabwinobwino, wosathiridwa kanthu, wogula ndi ndalama zawo. Pamaliro pawo tinkanong'onezana kuti alodzedwa, kenako n'kupita kuseri kwa nyumba kukamwa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2019 chokha mowa unapha anthu 2.6 miliyoni, ndipo 2 miliyoni mwa iwo anali amuna. Timasunga botolo kuopa mdani, pamene chotipha chili kale m'botolomo.

Ufunse kuti n'chifukwa chiyani mowa umagwira msodzi msanga chotere. Si kuti asodzi ndife opusa kuposa alimi. Choyamba ndi ndalama. Mlimi amaona ndalama kamodzi pachaka, ndipo imafika ili ndi ntchito kale: feteleza, sukulu, malata. Ya msodzi imabwera m'mawa uliwonse. Ukakocheza, amayi ogula nsomba ochokera ku Kafue ndi ku Lusaka ali kale chilili m'matope ndi mabeseni awo. Dzuwa lisanatenthe, ndalama ili m'thumba, ntchito yatha, ndipo tsiku lonse lili patsogolo pako lopanda chochita mpaka nthawi yokatchera. Mtima umati, "Idya, mtsinje suuma, mawa kulinso." Ine sindinayambe kumwa tsiku la mavuto ayi. Ndinayamba tsiku limene bwato linadzaza.

Chachiwiri ndi kuzizira. Usiku wa mu June pamadzi a Kafue, mphepo imalowa mpaka m'mafupa, ndipo akulu ako amakupatsa kabotolo kuti "utenthetse magazi". Limeneli ndi bodza limene lamiza anthu. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, magazi otentha amathamangira kunja, iwe n'kumamva kufunda pamene thupi likutaya kutentha kwake. Ukagwera m'madzi uli chotero, manja amauma msanga, maso sazindikira kumene kuli mtunda. Ndinali ndi mnzanga amene ankasambira kuposa ife tonse. Usiku wina anaimirira m'bwato kuti akoke ukonde umene unakodwa m'maudzu, ali atamwa. Panalibe mvuu, panalibe mafunde. Tinamupeza patapita masiku awiri m'mabango, kabotolo kakadali m'thumba la jekete, chitsekerero chili chotseka bwinobwino. Iye anasamala kuti kachasu asatayike.

Chachitatu ndi miyezi ya chiletso. Kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February boma limatseka usodzi kuti nsomba ziswane. Amene sanasunge kanthu amakhala miyezi itatu akuyang'ana mvula, ndipo malo okhawo amene amalandira munthu wopanda ndalama ndi kwa mayi wa kachasu, chifukwa iye ali ndi kope la ngongole. Usodzi ukamatsegulidwa mu March, nsomba zako zoyamba zili ndi mwini kale. Ukalephera kubweza upita kwa a kaloba, ndipo kumeneko ndi kumene maukonde anga anathera.

Pali chinanso chimene sindinachione msanga. Tauni ya Kafue inakula chifukwa cha mafakitale, monga Nitrogen Chemicals of Zambia ndi Kafue Textiles. Ntchito zitayamba kuchepa m'zaka za m'ma 1990, ambiri tinatsikira kuno kumtsinje. Tinapezana Atonga, Aila, Alozi, Abemba ndi ife a kum'mawa, aliyense atasiya akuluakulu ake kwawo. Kumudzi ku Katete mowa unali ndi nthawi yake: pa dima, pa ukwati, pa maliro. Mnyamata akafika pabwalo la mowa, agogo ankangomuyang'ana, iye n'kubwerera yekha. Padoko palibe malume. Palibe amene angakuuze kuti "basi, zipita kunyumba", chifukwa aliyense amene wakuzungulira akudyapo pa kuledzera kwako.

Mowa nawonso unasintha. Wamasese umakhutitsa, mimba imakuletsa yokha. Koma kunabwera tujilijili, timapepala ta mowa waukali totchipa kuposa buledi, tokwana m'thumba la yunifolomu ya mwana wa sukulu. Boma linatiletsa mu April 2012, nduna yoona za maboma aang'ono ali mayi Nkandu Luo. Ludzu silinaletsedwe. Anthu anasamukira ku timabotolo ta junta ndi ku kachasu, amene mphamvu yake palibe amaiyeza. Lamulo la mowa la 2011 limakaniza kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18, koma uyende wekha padoko madzulo, uone amene amatumidwa kukagula.

Tsopano umve zimene zimachitika m'thupi. Chiwindi ndicho chimasefa mowa, ndipo chimatha pafupifupi kabotolo kamodzi kakang'ono ka Mosi pa ola. Sungachifulumizitse ndi tiyi, kusamba kapena msuzi wa mlamba. Ukachipanikiza tsiku ndi tsiku chimayamba kuchita mafuta, kenako kutupa, kenako zipsera, mpaka kuuma gwa. Chimachita zimenezi mwakachetechete, osapweteka. Ukadzaona maso achita chikasu, miyendo yatupa, mimba yadzaza madzi ngati mayi woyembekezera pamene manja aonda ngati bango, ndiye kuti zafika patali. Pamenepo ndi pamene abale amati wadyetsedwa, n'kuyamba kuzungulira kwa asing'anga.

Ife a m'mbali mwa mtsinje tili ndi tsoka lina. Timakulira m'madzi a likodzo, ndipo mtundu wina wa likodzo umaikira mazira ake m'chiwindi momwemo. Ena tilinso ndi kachilombo ka hepatitis B osadziwa. Ndiye chiwindi cha msodzi chimayamba ulendo chili chovulala kale, iwe n'kuchithiranso kachasu. Pita kuchipatala akakuyeze, ukalandire mankhwala a likodzo. Dziwanso kuti mowa umayambitsa khansa ya m'kamwa, ya kummero ndi ya chiwindi, umakweza BP, ndipo umafoola thupi kuti chifuwa chachikulu chilowe mosavuta.

Za matenda enawa ndikuuza mosabisa, pakuti ndiwe wamkulu tsopano. Ukudziwa mmene malonda ena amayendera m'misasa ya asodzi nsomba zikasowa, pamene beseni limalipiridwa ndi thupi. Munthu wosamwa amaganiza kawiri. Woledzera saganiza n'komwe, ndipo kondomu imatsala m'thumba. Amene ali pa ma ARV akayamba kugona kumowa amadumphitsa mankhwala, kachilombo n'kudzukanso. Ukadzakwatira, mkazi wako akadzakhala ndi pakati asadzalawe ngakhale pang'ono, chifukwa mowa umafika kwa mwana m'mimba n'kuononga ubongo wake moyo wonse.

Koma bala lalikulu la mowa wanga silinali m'chiwindi. Linali pankhope za ana anga. Ndikamafika pakhomo ndikuimba, ankazimitsa nyali n'kunamizira kugona. Msuweni wako wamkulu uja anakhoza bwino Grade 9, koma sanapitirize, chifukwa ndalama yake ndinaimwa m'masiku anayi. Lero akandipatsa moni amagwada mwaulemu, koma tonse awiri timadziwa. Azakhali ako ndinawamenyapo kawiri, ndipo m'mawa mwake sindinkakumbuka, ndinkachita kufunsa kuti diso latani. Madzi akatayika saoleka, muphwa wanga. Woledzera amaiwala, koma a m'nyumba mwake saiwala.

Mwina ukuti, "Amalume, ine ndimangomwa Loweruka." Inenso ndinkatero. Nsomba ikamalowa mu ukonde imaona ngati diso la ukondelo n'lalikulu. Imazindikira mutu utalowa kale, pofuna kubwerera. Ndiye dziyese ndi zizindikiro izi. Ngati mabotolo awiri amene ankakukwanira chaka chatha lero sakukumvetsa kanthu, usanyade kuti uli ndi mutu wolimba, thupi layamba kuzolowera. Ngati umanena kuti "limodzi lokha" n'kupezeka kwada, ngati anzako amachita kukuuza zimene unachita dzulo, ngati wayamba kunama kwa amayi ako za ndalama ya nsomba, mutu walowa. Chizindikiro chachikulu ndi cha m'mawa. Tsiku lina ndinakhala pansi pa mtengo kuti ndisoke ukonde umene ng'ona inang'amba. Zala zinkanjenjemera, ulusi osalowa, mfundo osamangika, ntchito imene ndinkaigwira ngakhale mumdima. Mnyamata wina anandithamangira kapu ya "kuchotsa matsire". Nditamwa, manja anakhazikika, ndinasoka bwinobwino, ndipo ndinakondwa kuti ndapeza mankhwala. Sindinadziwe kuti tsiku limenelo ndi limene ndinasiya kumwa chifukwa chofuna, n'kuyamba kumwa chifukwa chokakamizika.

Ngati uli ndi mnzako amene wafika pamenepa, usamutsekere m'nyumba kuti aleke lero lomwe. Ine ndinayesa zimenezo ndekha nditalumbira kutchalitchi. Tsiku loyamba thukuta ndi kusanza. Usiku wachitatu ndinkaona njoka zikutsika pakhoma, ndinagwa n'kuyamba kuphupha ngati wakhunyu. Anandinyamula usiku kupita kuchipatala ku Kafue, ndipo anamwino anandiuza kuti ena amafa nazo zimenezi. Thupi lozolowera mowa tsiku lililonse liyenera kusiyitsidwa ndi thandizo la achipatala, ali ndi mankhwala ake. Akakutumizani kuchipatala cha Chainama ku Lusaka musachite manyazi kuti anthu adzati mwapenga. Uchidakwa ndi matenda, ndipo kumeneko amathandiza odwala otere. Ine ndinagwanso kawiri ndisanaime. Kugwa si kutha kwa ulendo.

Kwa iwe amene sunafike kumeneko, malangizo anga ndi ochepa, ndipo ndi a manja, osati a pakamwa.

Ndalama ya pamadzi iyambe yafika kunyumba. Ukangogulitsa, usanakhale pansi ndi aliyense, ika gawo lalikulu pa foni kapena m'manja mwa amayi ako, ndipo lowa chilimba ndi anthu osamwa. Pogulitsa nsomba za mu March uziganizira za December.

Dzina lako lisalembedwe m'kope la mowa. Mowa wa ngongole umakoma kuposa wina uliwonse, n'chifukwa chake pusi anagwa chagada.

Pamadzi usapite ndi botolo, ndipo usakwere bwato ndi munthu amene wamwa, ngakhale akhale mkulu wako. Kuzizira umathana nako ndi jekete, tiyi wa mufulasiki ndi nsima ya madzulo.

M'mawa usamwe, zivute zitani. Matsire amatha ndi madzi, chakudya ndi tulo.

Pezera masana ako ntchito. Kuno kwathu madzi a mtsinje ali pafupi, ndipo anzako ena akulima ndiwo zamasamba ndi chimanga cha mthirira. Kadimba kakang'ono kadzakudyetsa m'miyezi ya chiletso, ndiponso kadzakuchotsa pabenchi pamene ludzu limayambira.

Anzako adzakuseka. Adzati wagwidwa ndi amayi ako, adzati ukudzimva. Awerenge anthu amene akukusekawo, ndipo ufunse kuti ndani mwa iwo ali ndi bwato lakelake ngati iwe. Anzanga amene ndinkawagulira mowa, tsiku limene ndinagona m'chipatala sanabwere ndi mmodzi yemwe. Anabwera azakhali ako, aja ndinawatupitsa diso, atanyamula phala m'kambale.

Ndinakuuza kuti padoko palibe malume. Kwa ine kunalibedi, ndipo ndinalipira ndi zaka 19. Iwe uli naye. Lolemba ukamakocheza udzandipeza nditakhala pa bwato lakale lija lovundikira pafupi ndi pogulitsira nsomba. Sindidzakuchititsa manyazi pamaso pa anzako, sindidzanena kanthu. Tidzangowerengera limodzi ndalama ya tsikulo, kenako tidzayenda limodzi mpaka pakhomo pa amayi ako. Ndipo ukapeza nsapato ija, ubwere nayo ndikusokere. Manja anga anasiya kunjenjemera.