Mwana Watupa Mapazi, Bambo Ake Ali ku Joni

Pa mulu wa makalata amene inu omvera a ku Mzimba mwatumiza ndatolapo okhudza ana aang'ono, chifukwa nkhokwe zapepuka, ndipo ku sikelo tayamba kuona zimene timaona chaka ndi chaka kuyambira Januwale mpaka chimanga chitacha.

Yoyamba ndi ya agogo a kufupi ndi Edingeni. Akuti: "Mdzukulu wanga wa chaka chimodzi ndi theka watupa mapazi ndi masaya, tsitsi lafiira, phala akukana. Akuluakulu akuti ndi moto, makolo sanadzisunge. Tatumiza uthenga kwa bambo ake ku Joni kuti atiuze chochita. Tidikire?"

Agogo, musadikire. Mawa kukamacha mwanayo akhale ali kumsana. Uthenga wa ku Joni ukakupezeni muli kale kuchipatala.

Usiku uno dinani pamwamba pa mapazi ake onse awiri ndi zala zanu zazikulu, muwerenge pang'onopang'ono kufika katatu, nkuchotsa. Pakatsala tizenje mbali zonse ziwiri, amenewo ndi madzi, si kunenepa. Ndi kunyentchera koopsa, kwashiorkor. Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi choti akukana kudya. Mwana wotere sitimupatsa mankhwala nkumubweza kunyumba. A pachipatala chanu chaching'ono akamutumiza kokagonekedwa, ku Embangweni kapena ku chipatala cha boma pa Mzimba.

Za moto, kapena tsempho monga anenera ena, sindinabwere kudzanyoza akuluakulu. Koma chimene chimatupitsa mwana timachidziwa: chakudya chosakwanira ndi chosasinthasintha, kuphatikiza malungo, kutsegula m'mimba kobwerezabwereza kapena chikuku. Ena amakhala ndi HIV kapena TB yobisika, nchifukwa chake timawayeza onse. Ngati pali mlandu pabanja, mudzaukambe mwana atachira. Zitsamba zomwetsa muzisiye, chiwindi chake chafooka kale. Ndipo agogo, kuno kwathu mawu a agogo a kuchimuna amalemera kuposa a mayi wa mwana. Mpongozi wanu mwina akufuna kupita koma akuopa inu. Muuzeni ndinu kuti tiye.

Panjira mumufunditse, mumuveke chipewa, akhale pachifuwa pa amake khungu ndi khungu. Ana awa amazizidwa msanga, shuga amawathera m'thupi mwadzidzidzi. Sungunulani supuni yaing'ono imodzi ya shuga m'masupuni aakulu atatu a madzi owiritsa, muzimumwetsa pang'onopang'ono. Ngati akuyamwa, ayamwe.

Yachiwiri alemba bambo a ku Jenda, ndipo akwiya. "Mwana wanga anagonekedwa ali wotupa. Mayi ake akuti akungopatsidwa timkaka tamadzimadzi, nsima ayi, dripi ayi, ndipo sikelo ikutsika. Ndikamutenge?"

Bambo, mumusiye pomwepo, anamwinowo akuchita zoyenera. Mkaka umenewo ndi F-75, ndipo anaupanga dala kuti ukhale wopepuka. Mwana wonyentchera kwambiri amakhala ndi mtima, chiwindi ndi matumbo zotopa. Mukamukhutitsa chakudya champhamvu tsiku loyamba, kapena kumuthira madzi ambiri m'mitsempha, mtima ukhoza kulephera, mwana nkupita muli kuyang'ana. Nchifukwa chake amamwa pang'onopang'ono, maola awiri kapena atatu alionse, usana ndi usiku. Kutsika kwa sikelo musakuope: ndi madzi otupitsa aja akuchoka. Akaphwa nkuyamba kulirira chakudya, amusinthira ku mkaka wa F-100 kapena chiponde cha kuchipatala, ndipo posakhalitsa atuluka kukamalizira kunyumba.

Ndikudziwa chimene chikukuwawani: kumunda kwaima, ana ena alibe wowaphikira. Kale ana ankakhala m'chipatala pafupifupi mwezi wathunthu, amayi ambiri nkumathawa nawo usiku asanachire. Zinasintha m'dziko mwathu muno. M'chaka cha njala cha 2002, ku Dowa, mabungwe a Concern Worldwide ndi Valid International anayesa kuchizira ana kumudzi ndi chiponde, pomwe Dr Mark Manary anali atayamba kale kafukufuku wotere ku Blantyre. Zinatheka, ndipo mu 2006 Unduna wa Zaumoyo unatenga njirayi kukhala ya dziko lonse. Lero ogonekedwa ndi okhawo amene akukana kudya, atupa kwambiri kapena ali ndi matenda ena pamwamba. Masiku ochepawa pirirani, bambo, ndipo mupite mukamulandireko mayiyo, kumwetsa mwana usiku wonse kumatopetsa.

Kalata yachitatu ndaiwerenga kawiri. Ndi ya mayi a ku Luwerezi. "Ndili ndi ana anayi. Wamng'ono analembedwa pa chiponde. Akamadya, anzake amakhala pomwepo akulira, m'nyumba mulibe kanthu. Ndimawagawirako pang'ono. Kodi ndikulakwa?"

Mayi, sindikudzudzulani. Palibe kholo limene lingaone mwana wake akulira njala mtima osasweka. Komabe ndiyenera kukuuzani zoona. Chiponde ndi mankhwala. Paketi imodzi ndi magalamu 92, muli mtedza, mkaka wa ufa, shuga, mafuta ndi mavitamini, ndipo imapatsa mphamvu zokwana makalori 500. Mapaketi amene munalandira anawerengedwa potengera kulemera kwa mwana wodwalayo. Mukagawa panayi, atatu aja sakhuta, wodwalayo sachira. Sikelo ikaima sabata ndi sabata, mapeto ake ndi kugonekedwa kumene mukukuopa.

Yesani izi. Akuluwo ayambe alandira chilichonse chimene chapezeka, kaya phala kaya maungu, ndipo wamng'onoyo muzimudyetsera kumbali, pang'onopang'ono, kangapo patsiku. Ayambe wayamwa. Chipondecho musachisungunule m'madzi, adye kuchokera m'paketi mutamusambitsa m'manja, madzi abwino akumwa ali pambali chifukwa chimapatsa ludzu. Kenaka tsiku la sikelo mutenge ana onse osakwana zaka zisanu, mlangizi wa zaumoyo akawayeze ndi kalamba ka pamkono. Kakaonetsa kufiira, ndiye kuti mkono sukufika masentimita 11.5, mwanayo nayenso ayenera chiponde chake. Kakaonetsa chikasu, pakati pa 11.5 ndi 12.5, ali panjira yomweyo ndipo ayenera kutsatiridwa. Mumuuze mlangiziyo mosabisa kuti m'nyumba mulibe chakudya. Njala si chinthu chochita nacho manyazi.

Amoxicillin amene anakupatsani wodwalayo amalize masiku onse 7 ngakhale sakuoneka wodwala. Thupi lonyentchera limabisa matenda, silitentha. Kafukufuku wa ana oposa 2,700 wa kuno ku Malawi, amene anatuluka mu 2013, anapeza kuti opatsidwa mankhwala otere pamodzi ndi chiponde ankachira ambiri, omwalira nkuchepa.

Inu amene mumagula chiponde pamsika nkumapaka pa buledi, dziwani kuti chimaperekedwa ulere ndipo paketi iliyonse inali ndi mwini wake, mwana wodwala. Zimandipweteka.

Achemwali a ku Manyamula akufunsa kuti mwana akatulutsidwa pa chiponde azidya chiyani kuti asabwererenso. Phala la mgaiwa, osati la ufa woyera, lolimba loti silikuyenderera pa supuni. Muzithiramo nsinjiro, ufa wa soya wokazinga, usipa wosinja, dzira, kapena kasupuni ka mafuta ophikira. Chilichonse mwa izi chimene chilipo tsikulo. Amene muli ndi ng'ombe, mkaka wowiritsa ndi chambiko zisamathere kwa akuluakulu. Mwanayo akhale ndi mbale yakeyake, chifukwa m'mbale ya onse wamng'ono amapambanidwa. Ndipo mukakolola mtedza ndi soya, musapereke zonse kwa mavenda, thumba limodzi litsalire phala.

Funso lomaliza, mwachidule, lachokera ku Khosolo: khanda la miyezi inayi likuwonda, alipatse chiponde cha mkulu wake? Ayi. Mwana wosakwana miyezi 6 sapatsidwa chiponde, ngakhale phala kapena madzi a zitsamba. Apite naye kuchipatala msanga, akaone mmene akuyamwira, akayezenso amake.

Nthawi yatithera. Makalata a ku Euthini ndi Chikangawa tiwawerenga sabata yamawa.