Phunziro 17: Cimphona ndi Kambewa

Tikambirane

Kodi kwanu kuli galu? Dzina lake ndani? Ndi wamkulu kapena wamng'ono? Amadyera pati? Amagona pati? Amampatsa cakudya ndani?

Mawu atsopano

Werengani mokweza, mukuwomba m'manja.

ga-lu, ka-ga-lu, ci-ga-lu, pha-le, fu-pa, ci-ngwe, ka-te-me-ra, ci-we-we

Tiwerenge

*1. Mlendo m'dengu*

Kwathu ndi ku Furancungo, m'boma la Macanga. Timalima cimanga, nyemba ndi fodya. Tili ndi mbuzi zisanu ndi nkhuku zambiri. Tilinso ndi galu wamkulu. Dzina lake ndi Cimphona. Ndi wakuda bii. Msana wake umandifika m'ciuno. Usiku amalonda khola ndi nkhokwe.

Tsiku lina kudabwera amalume a ku Tsangano.

"Odi kuno!"

"Lowani, acimwene," adatero amayi.

Amalume adatula thumba la mbatata ya kacewere. Adatulanso dengu. M'dengumo mudali kagalu kofiira, ka miyendo yaifupi.

"Aka ndakutengera iwe," amalume adandiuza. "Mtundu wake sukula. Kadzakhala kakang'ono mpaka kukalamba."

Ndidagwada ndi kulandira ndi manja awiri. Ndidakapatsa dzina loti Kambewa.

Cimphona adabwera. Adanunkhiza dengu. Adadzuma, naonetsa mano. Kambewa kadathawira kunsi kwa nkhokwe.

*2. Phale limodzi*

Madzulo amayi adaphika nsima ya gaga. Adaiika m'phale la Cimphona.

"Adyere pamodzi, azolowerane," adatero amayi.

Cimphona adadya nsima yonse. Adanyambita phale mpaka mbee! Kambewa kadangoyang'ana patali. M'mawa mwake zidali comweco. Mkuja wakenso comweco.

Padapita masabata awiri. Kambewa kadaonda. Nthiti zake zidayamba kuoneka. Tsiku lina kadalowa m'khola la nkhuku ndi kudya mazira atatu.

Atate adakwiya. "Kagalu aka ndi kakuba. Kabwerere ku Tsangano!"

Ine ndidalira usiku wonse.

*3. Fupa*

Tsiku la Sabata tidadya nyama ya mbuzi. Mlongo wanga adaponya fupa pabwalo. Fupa lidali limodzi, agalu awiri. Kambewa kadalitola. Cimphona adalumpha ndi kukagwira khutu. Kambewa kadalira kwambiri.

Ndidathamanga kuti ndikalanditse.

"Ima pomwepo!" agogo adakuwa. "Usaike dzanja pakati pa agalu!"

Agogo adatenga ndowa ya madzi ndi kuwathira. Khwaa! Cimphona adasiya. Khutu la Kambewa lidatuluka magazi. Agogo adalitsuka ndi madzi ndi sopo.

"Agogo, Cimphona ndi woipa," ndidatero.

"Iyayi, mdzukulu wanga. Cimphona si woipa. Kambewa si kakuba. Olakwa ndife. Tidapatsa agalu awiri phale limodzi. Wamphamvu adakhuta, wamng'ono adagona ndi njala. Ndi njala idakatuma ku mazira."

Atate adakhala cete pang'ono. Kenaka adati, "Mwanena zoona, amayi. Tikonze."

*4. Aliyense cake*

Amayi adapeza phale lina laling'ono. Tsopano Cimphona amadyera pafupi ndi khola. Kambewa kamadyera kuseri kwa khichini. Podya saonana. Cimphona akamaliza msanga, atate amamgwira pacingwe mpaka Kambewa katamaliza.

Cimphona amagona pakhonde. Kambewa kamagona pa saka, m'dengu lake lija. Atate adachinga kunsi kwa nkhokwe ndi nsungwi, nasiya kakhomo kakang'ono. Kambewa kamalowa, Cimphona sangalowe. Kakatopa ndi masewera, kamakapuma m'menemo.

M'mawa uliwonse tidayenda nawo limodzi kupita kudimba. Atate adagwira cingwe ca Cimphona. Ine ndidagwira cingwe ca Kambewa. Poyamba tidayenda motalikirana. Masiku atapita tidayamba kuyandikana. Tsiku lina Cimphona adanunkhiza Kambewa, nagwedeza mcira.

Kambewa kadanenepa. Sikadabenso mazira.

*5. Usiku wozizira*

Mwezi wa Julho kuno kumazizira kwambiri. Usiku wina tonse tidali m'tulo. Cimphona nayenso adali m'tulo.

"Bwe! Bwe! Bwe!"

Kambewa kadamva kanthu kuseri kwa khola. Cimphona adadzidzimuka.

"Hu! Hu! Hu!"

Mawu ake adamveka mudzi wonse. Atate adatuluka ndi nyali. Adaona fisi akuthawira kuthengo. Adawerenga mbuzi: imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu. Zonse zidalipo.

M'mawa atate adasisita Cimphona. Adasisitanso Kambewa.

"Kambewa sikabwerera ku Tsangano," adatero. "Ndi ka pano."

*6. Tsiku la katemera*

Amfumu adalengeza kuti kubwera alangizi a ziweto. Aliyense atenge galu wake pacingwe. Tidapita ndi agalu athu onse awiri.

"Aka ndi kakang'ono. Kodi nako kabayidwe?" ndidafunsa.

"Inde, mwanawe," adayankha alangizi. "Ciwewe cimagwira galu wamkulu, cimagwiranso wamng'ono."

Adabaya Cimphona. Adabaya Kambewa. Adatipatsa timapepala tiwiri. Amayi adatisunga m'sutikesi.

Yankhani mafunso awa

1. Kodi Kambewa kadacokera kuti?
2. N'cifukwa ciyani Kambewa kadaonda?
3. Agogo adacita ciyani agalu atayamba kumenyana?
4. Agogo adati olakwa ndani? Inu mukuti bwanji?
5. Ndani adayamba kumva fisi? Ndani adamthamangitsa?
6. Ndi agalu angati adalandira katemera?

Tisewere ndi mawu

Cinthu cikakhala cacikulu timayamba ndi ci. Cikakhala cacing'ono timayamba ndi ka.

galu, cigalu, kagalu
dengu, cidengu, kadengu
nyumba, cinyumba, kanyumba

Malizitsani m'kope mwanu:

mbale, ............, ............
mtengo, ............, ............
fupa, ............, ............

Tiwerengere

Cimphona ali ndi miyendo 4. Kambewa kali ndi miyendo 4. Miyendo yonse ndi ingati?
Agalu 2 ali ndi makutu angati?
Nkhuku idaikira mazira 7. Kambewa kadadya 3. Adatsala angati?

Tiyankhule Cipwitikizi

Mverani aphunzitsi, kenaka nenani nonse pamodzi.

o cão: galu
o cão grande: galu wamkulu
o cão pequeno: galu wamng'ono
a água: madzi
a vacina: katemera

O cão grande come aqui. O cão pequeno come ali.

Tikumbukire

Galu aliyense phale lake.
Galu akamadya kapena akagona, ndimamsiya.
Agalu akamamenyana, ndimaitana munthu wamkulu.
Galu wacilendo sindimgwira.
Galu akandiluma kapena kundikanda, ndimauza amayi nthawi yomweyo.

Mawu kwa makolo

Makolo, werengani gawo ili pamodzi ndi ana anu madzulo. Amene sadziwa kuwerenga apemphe mwana wamkulu kapena mnansi kuti awawerengere.

Agalu awiri osiyana misinkhu angathe kukhala bwino pakhomo limodzi, koma zimadalira eni ake. Ndewu zambiri zimayambira pa cakudya, pa fupa ndi pa malo ogona. Conco galu aliyense akhale ndi phale lake, ndipo mapalewo atalikirane. Madzi akumwa akhalepo tsiku lonse. Galu wamkulu msinkhu adye kamodzi kapena kawiri pa tsiku. Mwana wa galu adye pang'onopang'ono katatu kapena kanayi, cifukwa mimba yake ndi yaing'ono. Nsima ya gaga yokha siikwana: thirani msuzi wa nyemba, usipa kapena zotsala za ndiwo. Mafupa ophika a nkhuku amasweka mosongoka ndi kubaya kukhosi, ndipo anyezi amaononga magazi a galu. Musawapatse.

Mukabweretsa galu watsopano, aonane ndi wakale kunja kwa mpanda, onse ali pacingwe. Masabata oyamba musawasiye okha pamodzi mukamapita kumunda. Galu wamkulu angathe kuthyola mwendo wa kagalu ngakhale akungosewera. Akakaluma, bala limaoneka laling'ono kunja pamene m'kati mwaonongeka kwambiri. Kagalu kakasiya kudya kapena kakamapuma movutika, kaonetseni kwa alangizi a ziweto. Galu wakaleyo musamnyanyale cifukwa ca mlendo. Yambani ndi iye pompatsa cakudya ndi pomsisita.

Galu wamng'ono amamva cisanu msanga kuposa wamkulu. M'miyezi ya Junho ndi Julho, kuno kumapiri a Macanga ndi Tsangano, muyalireni saka kapena udzu wouma pamalo opanda mphepo.

Ngati wamng'onoyo ndi wamkazi, samalani kwambiri. Galu wamkazi amafuna wamwamuna pafupifupi kawiri pa caka, kwa masabata awiri kapena atatu, ndipo bere lake limatenga masiku pafupifupi 63. Akatenga bere la galu wamkulu kwambiri, angathe kulephera kubereka mpaka kufa. Nthawi imeneyo apatuleni, wamkaziyo mumtsekere m'nyumba.

Mankhwala a njoka za m'mimba, a utitiri ndi a nkhupakupa amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa galu. Mlingo wa Cimphona ungathe kudwalitsa Kambewa, conco funsani alangizi musanapereke. Mankhwala opopera fodya kapena mbatata musasambitsire galu, ndipo zigubu zake musazisandutse mbale. Amapha galu, amaphanso mwana amene amasewera naye.

Katemera wa ciwewe ndiye amaperekedwa mofanana kwa galu wamkulu ndi wamng'ono. Galu abayidwe akakwanitsa miyezi itatu, kenaka caka ndi caka. Ofesi ya SDAE pa Furancungo, imene imayang'anira zaulimi ndi ziweto, kapena amfumu a m'mudzi mwanu, ndiwo angakuuzeni tsiku la katemera. Kaya mumakhala ku Furancungo, ku Chidzolomondo kapena ku Ntengo-wa-Mbalame, tsikulo tengani agalu onse a pakhomo. Musasiye wamng'ono poganiza kuti sayenda kutali.

Bungwe la zaumoyo la dziko lonse lapansi, limene m'Cipwitikizi timati OMS, limati ciwewe cimapha anthu pafupifupi 59 000 caka ciliconse, ambiri a iwo mu Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onsewa amatenga matendawa kwa galu, ndipo anayi mwa khumi aliwonse ndi ana osakwana zaka 15. Ana ndi afupi, motero galu amawaluma kumaso ndi m'manja. Nthawi zina amabisa bala poopa kukalipiridwa. Bungweli limanenanso kuti agalu 7 mwa 10 aliwonse akalandira katemera, matendawa amaleka kufala m'deralo.

Mwana akalumidwa, kaya ndi cigalu kaya ndi kagalu, musamkalipire. Tsukani bala ndi madzi ambiri ndi sopo kwa mphindi 15. Musapake dothi, phulusa kapena masamba, ndipo musamange bala mothina. Pitani naye kucipatala tsiku lomwelo, mutatenga kapepala ka katemera ngati galuyo ndi wanu. Malizani jakisoni yense amene adotolo anena. Munthu akalandira katemera msanga amapulumuka, koma zizindikiro zikayamba kuoneka, monga kuopa madzi, ciwewe sicicizika. Galu amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi, akucuca dovu, kapena akuluma ciliconse, musamgwire. Lowetsani ana m'nyumba ndi kudziwitsa amfumu ndi alangizi.

Katemera woyamba wa ciwewe adapangidwa ndi Louis Pasteur wa ku France, ndipo munthu woyamba kupulumuka naye mu 1885 adali mnyamata wa zaka 9. Pa 28 Setembro, tsiku limene Pasteur adamwalira, maiko amakumbutsana za kuopsa kwa ciwewe.

Nchito ya kunyumba

1. Jambulani Cimphona ndi Kambewa, aliyense ndi phale lake. Lembani maina awo kunsi.
2. Funsani agogo kapena amalume maina atatu a agalu ndi tanthauzo lake. Mudzatiuze mawa.
3. Werengani agalu a pakhomo panu. Funsani makolo kuti ndi angati adalandira katemera caka cino.