Kusankha Mbewu za M'dimba M'madera Okwera ndi Ozizira

M'madera okwera monga Dedza ndi Ntcheu ku Malawi, Angonia ku Mozambique ndi Nyanga ku Zimbabwe, mlimi amaluza mbewu, feteleza ndi thukuta lake akabzala zosagwirizana ndi nyengo. Malo akakwera ndi mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Kotero mbewu yochita bwino ku Chigwa cha Shire singachite chimodzimodzi ku Dedza.

Mbewu zopirira kuzizira

Kabichi, repu, mpiru, karoti, nsawawa, anyezi ndi adyo zimakula bwino kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mbatata ya kachewere imabereka bwino pa madigiri 15 mpaka 20, koma masamba ake amapsa ndi chisanu.

Mbewu zofuna kutentha

Therere, mavwende ndi mabilinganya zibzalidwe kuyambira Seputembala, kukayamba kutentha. Tomato sagwira bwino zipatso usiku kukazizira kutsika madigiri 13.

Zofunika alangizi kutsata

1. Funsani alimi achikulire malo amene pamagwa chisanu. Mu Juni ndi Julayi mpweya wozizira umatsikira kudambo usiku, choncho mbatata ndi tomato zibzalidwe chakumtunda.

2. M'dzinja, nkhungu ndi mvula zimafalitsa matenda a chiwawu pa mbatata ndi tomato. Limbikitsani mitundu yopirira matendawa, ndipo mbewu ziwirizi zisatsatizane pamalo amodzi.

3. Mtundu watsopano uyesedwe kaye pa bedi limodzi mlimi asanadzaze dimba lonse.