PHUNZIRO 18: KANEMA AKASIYA KUONETSA

Mawu atsopano

satelayiti, siginolo, dishi, LNB, dikoda

Tiŵerenge

Molumbo linakhala boma palokha m'chaka cha 2013. Kale linali mbali ya boma la Milange. Lero nyumba zina za pamsika ndi za m'midzi zili ndi dishi. Ena amaitcha mbale. Kunja kukada, banja ndi anansi amasonkhana kudzaona kanema.

Pa kanema timaona mpira ndi maseŵero. Timamvanso nkhani za dziko lathu ndi machenjezo a nyengo. Tonse tikukumbukira namondwe Freddy. Iye anafika pamtunda pafupi ndi Quelimane mu Malichi 2023, naononga nyumba ndi minda muno mu Zambézia ndi kumwera kwa Malaŵi. Pa masiku otere, banja lakumva chenjezo msanga limapeza nthaŵi yothaŵira kumtunda.

Koma tsiku lina chithunzi chimazimirira. Pagalasi pamatsala mawu aŵiri a Chipwitikizi: "Sem sinal". Tanthauzo lake ndi lakuti siginolo siikufika. Ambiri amathamangira kukapotoza dishi. Ena amaitanitsa mmisiri wakutali, nalipira ndalama za nandolo wawo, pamene vuto linali kawaya komasuka. Phunziro lino likutiphunzitsa kufufuza vuto mwadongosolo. Tiyambe ndi zapafupi. Dishi ikhale yomalizira.

Ulendo wa chithunzi

Chithunzi chimachokera kunyumba youlutsira, monga TVM ku Maputo. Chimatumizidwa kumwamba kwa satelayiti. Satelayiti ndi makina amene ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 kuchokera pansi pano. Imazungulira pamodzi ndi dziko, kamodzi pa tsiku. Ndicho chifukwa chake kwa ife imakhala ngati yaima malo amodzi.

Satelayiti imabweza chithunzicho pansi. Chimene chimatsikacho ndi siginolo. Pofika kwathu imakhala yofooka kwambiri. Dishi imaisonkhanitsa monga denga la malata limasonkhanitsira madzi a mvula, niiponya pa kachida kamene kali kunsonga ya mkono wa dishi. Kachidako ndi LNB. LNB imakuza siginolo ndi kuitumiza mu waya. Waya amaifikitsa ku dikoda. Dikoda imaisandutsa chithunzi ndi mawu pa kanema.

Tiloŵeze pamtima: satelayiti, dishi, LNB, waya, dikoda, kanema. Pakaduka pamodzi, chithunzi sichifika.

Choyamba: yang'anani kumwamba

Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nyengo ya mvula. Madontho akuluakulu ndi mitambo yakuda bii zimameza siginolo. Chithunzi chimayamba kuduka timabokosi, mawu nkumadodoma, kenaka zonse zii. Nthaŵi zina zimatero mvula isanafike pakhomo panu. Pamenepa palibe chaonongeka. Dikirani. Mtambo ukapita, chithunzi chidzabwera chokha.

Dzuŵa nalo limasokoneza kaŵiri pa chaka, chakumapeto kwa Malichi ndi chapakati pa Seputembala. Pa masiku oŵerengeka limadutsa kumbuyo kwenikweni kwa satelayiti, ndipo chithunzi chingathe kusoŵa kwa mphindi zochepa masana. Apanso mankhwala ake ndi kudikira.

Chachiŵiri: ŵerengani zimene zalembedwa

Nazi nzeru za munthu wodziŵa kuŵerenga. Kanema amanena yekha chimene chamuvuta. Pa dikoda ya DStv, E48 itanthauza kuti siginolo siikufika. E16 itanthauza kuti siginolo ilipo, koma mwezi umene munalipira watha, kapena njira imene mwatsegulayo siili m'gulu limene munalipira. Vuto la E16 silithera padenga. Limathera pa kulipira.

Onaninso ngati nyali ya dikoda ikuyaka. Mwina mwana wadina rimoti ya kanema, nachotsa kanemayo pa khomo lolandirira dikoda. Dinani batani losankhira, mubwerere pa AV kapena HDMI, malinga ndi pamene waya wanu walumikizidwa.

Chachitatu: magetsi

LNB ilibe batire lake. Imalandira mphamvu kuchokera ku dikoda kudzera mu waya yemwe uja, mavoti 13 kapena 18. Mabanja ambiri kuno amagwiritsa ntchito sola. Kukachita mitambo masiku aŵiri kapena atatu, batire limafooka. Dikoda imayamba kuzima ndi kuyaka yokha, ndipo siginolo imasoŵa. Pukutani fumbi pa sola. Lolani batire lidzaze. Kenaka zimitsani dikoda, ŵerengani pang'onopang'ono mpaka 30, ndi kuyatsanso.

Chachinayi: waya

Mavuto ambiri amakhala apa. Yambani mwazimitsa dikoda ndi kuichotsa kumagetsi. Musamasule waya dikoda ili chiyakire, chifukwa mungathe kuiotcha.

Gwirani pamene waya waloŵa kumbuyo kwa dikoda. Ngati pali polobodoka, mangani ndi zala. Masulani muone m'kati. Pakati pali kawaya kamodzi ka mkuwa. M'mbali muli timawaya tonga tsitsi. Kamodzi kokha ka timeneti kakakhudza ka pakati, siginolo imafa. Tipindireni kumbuyo.

Tsopano tsatani waya kuyambira m'nyumba mpaka panja. Kodi makoswe amutafuna? Kodi lata lamucheka? Kodi chitseko chamupana? Kodi mbuzi yamukoka? Pamene waya walumikizana ndi LNB, onani ngati paloŵa madzi. Mkuwa ukada kapena ukachita mbuu ngati nkhungu, dulani kachidutswa koonongekako, ikani mutu watsopano, ndipo kulungani ndi tepi kuti mvula isaloŵenso.

Chachisanu: njira ya dishi

Dishi iyenera kuona kumwamba popanda chotchinga. Mtengo wa mango umene unali waufupi chaka chatha, chaka chino watalika. Nsungwi, nthochi ndi bulugama zimakula msanga. Masamba onyowa amatchinga koposa ouma. Sadzani nthambi zimene zili kutsogolo ndi pamwamba pa dishi. Chotsani zisa za mbalame, za mavu ndi ukonde wa kangaude. Ngati chivindikiro cha LNB chasweka ndipo madzi aloŵa, pafunika LNB ina. Musayanike zovala pa mkono wa dishi.

Amalume ndi mphwawo

"Amalume, kanema wafa. Ndibwerekeniko makwerero ndikapotoze dishi."

"Taima kaye, mphwanga. Pagalasi palembedwa chiyani?"

"Palembedwa kuti E48."

"Ndiye kuti ngongole tilibe. Kodi kunja kuli mvula?"

"Iyayi, amalume. Nyenyezi zili mbee."

"Nanga batire?"

"Ladzaza. Dzuŵa linaŵala tsiku lonse."

"Zimitsa dikoda. Tenga tochi, utsate waya."

"Ndaona, amalume! Kuseri kwa thumba la chimanga khoswe wamudula."

"Waona tsono. Ukanapotoza dishi, bwenzi tili ndi mavuto aŵiri m'malo mwa limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Chachisanu ndi chimodzi: dishi yeniyeniyo

Zonse zija zikakhala bwino, ndipo kunaomba mphepo yamkuntho, mwina dishi yasuntha. Mwina mtengo umene inakhomedwapo wadyedwa ndi chiswe. Kusuntha kwa chala chimodzi n'kokwanira kutaya siginolo.

Masatelayiti onse a kanema ali pamwamba pa mzere wogaŵa dziko pakati. Ife tili kumwera kwa mzerewo. Choncho madishi athu amayang'ana chakumpoto, mbali ya ku Niassa. Madishi ambiri a ZAP ndi DStv muno amalandira kuchokera ku satelayiti ya pa madigiri 36 kum'maŵa. Molumbo nalo lili pafupi ndi madigiri 36 omwewo. Motero satelayitiyo ili kumpoto kwenikweni, m'mwamba ndithu. StarTimes imagwiritsa ntchito satelayiti ya pa madigiri 5 kum'maŵa, ndipo madishi ake amapendekera kumadzulo, mbali ya ku Malaŵi. Musatsanzire dishi ya mnansi ngati kampani yake ndi ina.

Ntchito iyi ndi ya anthu aŵiri. Mutu umodzi susenza denga. Mmodzi akhale pa kanema, atsegule tsamba loonetsa siginolo. Pali mizere iŵiri. Wina umaonetsa mphamvu, "Intensidade". Wina umaonetsa ubwino, "Qualidade". Mzere wa mphamvu ukakhala ulipo koma wa ubwino palibe, kaŵirikaŵiri ndiye kuti waya ndi LNB zili moyo, koma dishi yaphonya satelayiti. Mizere yonse iŵiri ikakhala pansi, bwererani ku waya ndi LNB.

Winayo akhale kumbuyo kwa dishi, osati kutsogolo, chifukwa thupi lake lingatchinge. Alembe chizindikiro ndi makala kapena choko pamene dishi inali. Amasule mabawuti pang'ono ndi sipanala. Asunthe dishi pang'ono kwambiri, nkuima, nkuŵerenga mpaka 5. Wa m'nyumba azinena mokweza ngati ubwino ukukwera kapena ukutsika. Ukafika pamwamba, amange mabawuti mosinthanasinthana kuti dishi isasunthenso.

Moyo uposa kanema

Musakwere padenga lonyowa. Musakwere usiku. Musatume mwana. Wina agwire makwerero. Kukayamba ziphaliŵali, musakhudze dishi kapena waya. Chotsani dikoda kumagetsi mvula ya mabingu isanafike. Musatsegule m'kati mwa dikoda kapena kanema.

Zonsezi zikakanika, itanani mmisiri. Muuzeni zimene zalembedwa pagalasi ndi zimene mwayesa kale. Adzabwera ndi chida choyenera, ndipo simudzalipira ulendo waŵiri.

Mafunso

1. Tchulani zinthu zisanu ndi chimodzi zimene chithunzi chimadutsamo.
2. Kodi E16 ndi E48 zikusiyana bwanji?
3. N'chifukwa chiyani timazimitsa dikoda tisanamasule waya?
4. Kodi madishi a kuno amayang'ana kuti? Chifukwa chiyani?

Tilembe

Lembani kaŵiri m'kope mwanu: Ndiyamba ndi zapafupi. Dishi ndi yomalizira.

Tiŵerengere

Chithunzi chikwera makilomita 36,000, chitsikanso makilomita 36,000. Kodi chayenda makilomita angati onse pamodzi?

Tikambirane

M'mudzi mwathu muli nyumba zingati za kanema? Chenjezo la namondwe likamveka, tingalifikitse bwanji kwa okalamba ndi kwa amene ali kumunda?