Mana a Lero Amasungunuka Dzuwa Likatentha

Werengani: Eksodo 16:13-30 ndi Luka 10:38-42

Azimai anzanga okondedwa mwa Ambuye, ndi kangati mwakhala m'tchalitchi maso ali kwa abusa koma mtima ukuwerenga ngongole? Thupi lili pa benchi, maganizo ali pa ndalama za chilimba, kapena pa mau opweteka amene apongozi ananena chaka chatha. Phunziro lathu likutifunsa ngati timakhaladi m'tsiku limene Mulungu watipatsa.

Vutoli si lathu tokha. Mu 2010 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Harvard ku America, Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert, anafufuza anthu 2,250. Anapeza kuti pafupifupi theka la nthawi maganizo a munthu amakhala kutali ndi chimene akuchita, ndipo pa nthawi zoterozo chimwemwe chake chimachepa. Mulungu anaphunzitsa anthu ake za nkhani imeneyi kalekale m'chipululu.

1. Mana anali a tsiku limodzi

Aisraele atadandaula ndi njala, Mulungu anawagwetsera mana m'mawa uliwonse kwa zaka 40. Munthu aliyense anayenera kutola muyeso umodzi wotchedwa omeri, pafupifupi malita 2. Ena sanamvere Mose, anasungako a mawa, ndipo anagwa mphutsi nanunkha. Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi pokha ndi pomwe ankatola miyeso iwiri chifukwa cha Sabata, ndipo amenewo sankaola.

Onaninso ndime 21. Dzuwa likatentha mana ankasungunuka, choncho wochedwa ankapeza palibe kanthu. Mphatso zambiri za Mulungu zili chomwecho. Ku sukulu kumene ndimaphunzitsa, atsikana amabwera kudzandiuza zinthu zimene amai awo anayenera kukhala oyamba kumva. Ndikafunsa, amati amai anali pa foni, kapena anayankha kuti tidzakamba mawa. Mwana wofuna kulankhula lero mwina mawa adzakhala atatseka pakamwa, kapena atakauza munthu amene adzamusocheretsa.

2. Kukonzekera mawa si tchimo

Wina angafunse kuti kodi tileke kusunga chimanga? Iai. Yosefe anasunga tirigu zaka 7 ku Ejipito ndipo anthu ambiri anapulumuka. Ifenso chilala cha 2024, chimene boma linalengeza kuti ndi tsoka m'maboma ambiri a dziko lino, chinationetsa phindu la nkhokwe. Kukonzekera ndi ntchito imene manja amagwira lero: kuika mankhwala m'chimanga, kupatula ndalama ya feteleza. Ukamaliza umagona. Nkhawa ilibe chogwira. Imakudzutsa pakati pa usiku kuti ulipire m'maganizo ngongole imene tsiku lake silinafike, ndipo kukacha ulibe mphamvu ya ntchito ya lero.

Katekisma wa Heidelberg, wolembedwa mu 1563, pa Funso 28 amatiphunzitsa phindu lodziwa kuti Mulungu amasunga zonse: timapirira pa mavuto, timayamika pa zabwino, ndipo za kutsogolo timazisiya m'manja mwa Atate. Gawo lathu ndi la lero.

3. Marita anali ndi Yesu m'nyumba koma sanamumve

Tisafulumire kumuweruza Marita. Ndiye analandira Ambuye, ndipo alendo ayenera kudya. Ife a Chigwirizano timadziwa kulemera kwa miphika ya pa maliro ndi pa misonkhano. Yesu sanadzudzule kuphika kwake. Anaona mtima wobalalika ndi zinthu zambiri, umene unafika pokwiyira mbale wake ndi kufunsa Ambuye ngati samusamala. Mariya anazindikira kuti Mphunzitsi ali pano tsopano, ndipo anakhala pansi kumvetsera.

Nafenso tikhoza kupita kukazonda wodwala titanyamula ufa ndi sopo, koma maso ali pa nthawi. Wodwalayo amadziwa kuti tabweretsa katundu, mtima tausiya kunyumba.

4. Tichite chiyani sabata ino?

Choyamba, m'mawa musanagwire foni khalani chete mphindi 5. Pumani mofatsa, werengani ndime imodzi, ndipo tchulani kwa Mulungu ntchito za tsikulo zokha.

Chachiwiri, nkhawa ikabwera ifunseni ngati pali chimene mungachite lero. Ngati chilipo, chitani. Ngati palibe, ipempherereni ndi kubwerera ku ntchito imene ili m'manja. Ikabweranso teroni ndithu, musadziimbe mlandu.

Chachitatu, mwana, abambo a kunyumba kapena mnansi akamalankhula, ikani foni pansi ndi kumuyang'ana mpaka amalize.

Chachinai, za dzulo zimene zikukulemerani musazitenthetse tsiku ndi tsiku ngati ndiwo zogona. Ngati munalakwa, lapani ndi kupepesa. Ngati anakulakwirani, pemphani mphamvu yokhululuka. Ngati chisoni kapena nkhawa zakulepheretsani kudya ndi kugona kwa masabata, uzani abusa kapena mai wodalirika, ndipo pitaninso kuchipatala. Kutero si kuchepa kwa chikhulupiriro.

Chachisanu, madzulo pozinga mbaula aliyense m'banja atchule chinthu chimodzi chimene Mulungu wamupatsa tsikulo.

Mafunso okambirana

1. Ndi chiyani chimene chimachotsa mtima wanu pa mapemphero kawirikawiri?
2. Kodi kukonzekera ndi nkhawa mumazisiyanitsa bwanji pa nkhani ya chakudya ndi ndalama?
3. Ndani m'nyumba mwanu amene wakhala akudikira kuti mumumvetsere?

Pemphero

Atate wathu, munadyetsa anthu anu m'chipululu tsiku ndi tsiku. Tikhululukireni za dzulo, tisungireni za mawa, ndipo titseguleni maso tione mana amene mwatigwetsera lero asanasungunuke. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.