Kuzindikira Ndalama Yachitsulo Imene Inalakwika Posula

M'nyumba zambiri kuno ku Dedza muli kachitini kosungiramo ndalama zakale. Mumapezeka makobiri a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, masheleni a 1964 okhala ndi nkhope ya Kamuzu Banda, ndiponso matambala amene anayamba mu 1971, pamene kwacha inalowa m'malo mwa paundi. Amene tili kufupi ndi malire timasunganso za ku Mozambique. Alipo anthu amene amatolera ndalama zotere, ndipo imene amaifunitsitsa ndi yolakwika posula, chifukwa ndi yosowa. Kuti muizindikire, yambani mwadziwa mmene ndalama imasulidwira.

Kufakitale amatenga chitsulo chophwatalala n'kudulapo tizitsulo tozungulira. Kachitsulo kalikonse amakaika pakati pa zidindo ziwiri zolimba, china pansi, china pamwamba. Makina akapanikiza, mbali zonse ziwiri zimadindika nthawi imodzi. Makinawo amathamanga kwambiri, n'chifukwa chake nthawi zina zimalakwika.

Kachitsulo kakapanda kukhala pakati penipeni, chithunzi chimapita mbali imodzi, mbali inayo n'kutsala yopanda kanthu. Kakadulika molakwika, ndalama imatuluka yobenthuka m'mphepete ngati mwezi wosakwanira. Nthawi zina cholakwika chimakhala pa chidindo chenichenicho, ndipo zilembo zimaoneka ziwiriziwiri.

Apa mvetsetsani bwino, chifukwa ambiri amasokonezeka. Chidindo chikang'aluka, chitsulo cha ndalama chimalowa mumng'alumo, ndipo pa ndalama pamatuluka mzere wotukuka. Koma ndalama ikakandika ndi msomali kapena mwala, mzere wake umalowa m'kati. Pitani nayo powala, muipendeketse pang'ono. Mzere ukakhala wotukuka, mwina unachokera kufakitale. Ukakhala wolowa, inawonongekera m'manja mwathu momwemo. Ndalama yopindika, yadzimbiri, kapena yofufutika chifukwa choyenda m'misika ya ku Bembeke ndi Chimbiya, imeneyo si yolakwika posula ayi. Ndi yakutha basi.

Musathamangirenso kunena kuti bowo ndi cholakwika. Kobiri la Rhodesia ndi Nyasaland analisula dala ndi bowo pakati. Njira yabwino ndi kuyerekeza. Pezani ndalama ina ya mtengo womwewo ndi chaka chomwecho, muziike pamodzi. Werengani zilembo chimodzichimodzi, kenako manambala a chaka. Apa ndi pamene kudziwa kuwerenga kumatithandiza.

Zoterezi zimachitika ngakhale kumafakitale otchuka. Mu 2008, fakitale ya Royal Mint ya ku Britain inaphatikiza chidindo chakale ndi chatsopano posula ndalama ya 20 pence. Ndalamazo zinatuluka zopanda chaka mbali zonse ziwiri, ndipo otolera amazigula pa mtengo woposa umene unalembedwapo.

Komabe tisanamizane, ndalama zakale zambiri zilibe mtengo waukulu. Wina akakuuzani kuti kobiri lanu likulemeretsani, koma muyambe mwamupatsa ndalama yoti akalipimitse, mukaneni. Ndipo mukapeza yooneka yachilendo, musaikweche ndi phulusa kapena mchenga kuti iwale, chifukwa kukwecha kumachotsa zizindikiro zimene otolera amafuna. Igwireni m'mphepete, muikulunge m'kapepala kouma.