THIRAKITALA YOLIRA LERO, MAWA NKUKANA

Mwezi wa Okutobala 2023 ndinayendera esiteti ina ya fodya wa bale kufupi ndi Champhira, ndipo ndinapeza thirakitala itaimikidwa pamwamba pa chitunda, kutali ndi shedi yake. Nditafunsa, a kapitawo anati amaiimika pamenepo madzulo aliwonse kuti ikakana kulira m'mawa anthu aikankhire kunsi. Masiku ena inkalira akangopotoza kiyi kamodzi. Masiku ena inkangoti kha! basi. Mwini munda anali atagula kale batire latsopano ku Kasungu, ndipo vutolo litabweranso anatuma munthu ku Lilongwe kukafunsa mtengo wa sitata. Apo nkuti minda yambiri isanagaulidwe, mbande zikukula pa nazale, ndipo mabanja olima pa esitetipo akudikira kuti aunde mizere mvula isanagwe.

Alimi anzanga, kawirikawiri chipangizo chikafa chimafa masiku onse. Ngati sitata ikugwira lero, mawa nkukana, mkuja nkugwiranso, nthawi zambiri ndiye kuti pali malo ena pamene magetsi sakudutsa bwino chifukwa cha dzimbiri, nati yokhwefuka kapena kachitsulo koperepeseka. Kotero musathamangire kusitolo. Yambani mwafufuza, ndipo mufufuze tsiku lomwelo imene yakana, chifukwa ikamalira bwino palibe chimene mungapeze.

NJIRA ZIWIRI ZA MAGETSI

Magetsi oliza injini amayenda njira ziwiri. Njira yaikulu ndi waya wonenepa wochoka ku batire kupita ku sitata, pamodzi ndi mnzake wochoka ku batire nkukamangidwa pa chitsulo cha thirakitala, amene amakaniko amamutcha earth. Njira yaing'ono ndi timawaya tochoka pa kiyi, kudzera pa swichi yoteteza ngozi, mpaka pa solenoidi, kachitini kamene kamakhala pamsana pa sitata. Mukapotoza kiyi, njira yaing'ono imadzutsa solenoidi. Solenoidiyo imakankhira kagiya ka sitata m'mano a fulaiwilo, ndipo nthawi yomweyo imatsekulira magetsi a njira yaikulu. Ntchito yanu ndi kudziwa njira imene yaduka mwa ziwirizi.

Ikani magiya pa nyutulo, mangani mabuleki, yatsani nyali zakutsogolo, ndipo wina aziyang'ana nyalizo pamene inu mukupotoza kiyi. Tcherani khutu.

KUKAKHALA ZII

Ngati simukumva kanthu ndipo nyali zikuwala monga kale, batire lilibe mlandu. Vuto lili pa njira yaing'ono. Pa Massey Ferguson 135 ndi 165, zimene zikadapezekabe m'minda ina kuno ku Mzimba ngakhale zinayamba kupangidwa mu 1964, sitata siigwira pokhapokha kandodo kakafupi kosankhira magiya othamanga ndi apang'onopang'ono kali pakati, pa chilembo cha S. Swichi ya pamenepo ikakalamba imagwira mwa apo ndi apo. Gwirani kiyi pamalo oliza, kwinaku mukugwedeza kandodoko pang'ono. Injini ikalira, mwampeza wakuba. Ikapanda kutero, onani kumbuyo kwa kiyi ndi kawaya kakang'ono kolowa pa solenoidi, chifukwa fumbi la Okutobala ndi kugwedezeka kwa m'munda zimakhwefula timitu ta mawaya amenewa. Makoswe nawonso amatafuna mawaya, makamaka thirakitala ikamagona pafupi ndi nkhokwe.

Pa maesiteti ena pali timakina tokwerapo totchetchera kapinga. Njira zake za magetsi nzomwezi, koma tili ndi maswichi ambiri: ina pansi pa mpando, ina pa buleki, ina pa chogwirira choyendetsa mipeni. Pa makina ambiri otere sitata imakana ngati buleki siinapondedwe kapena ngati chogwirira cha mipeni sichinabwezedwe bwino.

IKANGOTI KHA, KAPENA IKAMAZUNGULIRA MOLEMA

Apa mpamene pamathera ndalama za alimi ambiri. Kulira kwa kha! kukusonyeza kuti solenoidi yadzuka, koma magetsi aakulu sakufika. Yang'anani nyali zija. Zikazimiratu kapena kuchita mdima kwambiri, ndiye kuti batire lafooka kapena mitu yake siikugwira. Solenoidi ikamati kha-kha-kha mofulumira, chifukwa chake nchomwecho.

Yambani ndi mitu ya batire. Igwedezeni ndi dzanja, ndipo mutu umene ukuzungulira ngolakwika ngakhale uoneke woyera. Ufa woyera kapena wobiriwira umene umamera pamenepo umatchinga magetsi. Mukayesa kuliza kwa masekondi angapo, khudzani mosamala malo onse omangira mawaya onenepa aja. Pamene patentha mpamene magetsi akuvutika kudutsa.

Pomasula, chotsani poyamba waya wa earth, ndipo pobwezera mummange pomalizira, kuopa kuti sipanala ingakhudze chitsulo nkuthetheka moto. Musasute fodya kapena kuunika ndi koloboyi pafupi, chifukwa batire limatulutsa mpweya wophulika. Tsukani mituyo ndi madzi otentha othira soda, osalola madziwo kulowa m'kati mwa batire. Palani ndi sandipepala mpaka mtovu uwale, mangani zolimba, kenaka pakani Vaseline pamwamba. Kukhomerera msomali pakati pa mutu wokhwefuka, monga ndimaonera kawirikawiri, kumangothandiza sabata imodzi. Gulani mutu wina.

Tsono tsatani waya wa earth mpaka kumene wamangidwa. Malo amenewa anthu amawaiwala chifukwa amabisika ndi matope ndi girizi. Masulani bawuti, palani dzimbiri ndi penti mpaka chitsulo chioneke. Pindani wayayo pang'ono pafupi ndi mapeto ake. Akamakhirichita kapena ngati watupa, ndiye kuti wadyeka m'kati mwa chikopa chake. Waya wotere amayatsa nyali bwinobwino, koma sangadutse magetsi a sitata ya dizilo, amene amafika maampu mazana angapo. Polowa m'malo mwake pafunika waya wonenepa chimodzimodzi, osati wa magetsi a m'nyumba.

Amene ali ndi mita yoyezera magetsi apepukidwa ntchito. Batire la mavoliti 12 likakhala lodzaza limaonetsa 12.6 litagona usiku. Likaonetsa 12.2 ndiye kuti lili theka. Pamene sitata ikuzungulira lisatsike kupyola 9.6. Injini ikamalira, mita ionetse pakati pa 13.8 ndi 14.5, ndipo ikapanda kufika pamenepo batire silikudzazidwa. Yambani mwaona lamba wa fani ngati sanakhwefuke musanaimbe mlandu dayinamo kapena alternator. Pomwe mita imathandiza koposa ndi apa: ikani nsonga imodzi pa mtovu weniweni wa batire kumbali ya earth, inayo pa thupi la sitata, wina nkupotoza kiyi. Ikaonetsa kupitirira theka la voliti, magetsi akutayika panjira. Chitani chimodzimodzi ndi waya wopita ku solenoidi.

Kumbukiraninso kuti kuno kumtunda kumazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi, nthawi imene thirakitala ikututa chimanga ndi mabelo a fodya. Kukazizira batire limachepa mphamvu ndipo oyilo amalimba, kotero batire lokalamba limakana m'mamawa nkuvomera dzuwa likakwera. Ngati injini yanu ili ndi chotenthetsera, gwirani kiyi pamalo ake kwa masekondi 15 kapena 20 musanalize. Madzi a m'batire aziphimba timapuleti ta m'katimo, ndipo muzithira ogula a batire okha, osati a pamjigo.

PAMENE SITATA YENIYENI YALAKWA

Ngati mawaya onse ali bwino, nyali sizikuchita mdima, koma mukumvabe kha! kamodzi, ndiye kuti mkuwa wa m'kati mwa solenoidi wapsa kapena mabulashi a sitata atha. Madalaivala amadziwa kugogoda sitata ndi mpini wa hamala, ndipo imaliradi. Kugogodako si mankhwala, kwangokuuzani kumene kuli nthenda. Mabulashi ndi solenoidi zimagulitsidwa pazokha, ndipo mmisiri wa magetsi a galimoto pa Jenda kapena pa Boma la Mzimba angathe kuzisintha popanda kugula sitata yonse. Sitata ya kamakina ka kapinga musaimenye konse, popeza zambiri zili ndi maginito osachedwa kusweka.

Nthawi zina sitata imazungulira yokha mwaliwiro kapena kukukuta, injini ili chete. Pamenepo kagiya kaja sikakulowa. Mwina mtsulo wake wamata fumbi ndi girizi, mwina mano a fulaiwilo aperepeseka. Injini ikamazima imakonda kuima pamalo amodzimodzi, ndipo mano a pamenepo ndiwo amatha msanga. Nchifukwa chake vutoli limabwera masiku ena okha. Chotsani kiyi, tembenuzani injini pang'ono, yesaninso. Ikagwira, konzekerani ntchito yaikulu, chifukwa kusintha mano amenewa kumafuna kugawa thirakitala pakati. Ntchito imeneyo ichitike mu Ogasiti, osati mvula itayandikira.

Musazungulitse sitata kupitirira masekondi 10 kapena 15 nthawi imodzi. Ipumitseni mphindi yathunthu. Sitata zambiri zimene ndaona zitapsa zinapsa chifukwa injini inali ndi mpweya m'mapaipi a dizilo, dalaivala nkumangoumiriza kiyi.

CHENJEZO KWA MADALAIVALA

Pali chizolowezi cholumikiza mabawuti a solenoidi ndi sikuludiraiva munthu ataima pansi. Mukatero mwalambalala swichi yoteteza ija, ndipo mwaima kutsogolo kwenikweni kwa tayala lalikulu. Ngati thirakitala ili mu giya, imanyamuka nthawi yomweyo, ndipo anthu ambiri m'maiko osiyanasiyana afa imfa imeneyi. Kudula swichiyo nkulumikiza mawaya ake nakonso nkuitana ngozi yomweyo. A kapitawo, musalole zimenezi. Musalolenso ana a pa esiteti kukankha nawo thirakitala pa chitunda.

Pa esiteti ija ya ku Champhira nyali zinkazima tikapotoza kiyi, chonsecho batire linali latsopano ndipo mita inaonetsa 12.6. Titakhudza bawuti ya earth tinapeza ikutentha. Pansi pake panali dzimbiri lokhuthala, ndipo theka la timawaya ta m'kati linali litaduka. Dalaivala anapalapo, nakwera njinga kukagula waya pa Jenda, ndipo madzulo a tsiku lomwelo thirakitala inagona m'shedi. Batire lakale lija titaliyeza tinapeza kuti linali lamoyo. Pano likuyatsa nyali m'nyumba yosankhiramo fodya.